Chingwe cha Dengu la Amayi

Napoli, 9 Febuluwale 1987

Mwana wanga Nunzia,

Moni wa mayi ako akupeze uli bwino, iwe, mwamuna wako Saverio ndi ana. Kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Mawondo okha ndiwo sanamve kuti chaka chasintha, akadali ndi mkwiyo wa chaka chatha.

Ndalemba kuti ndithokoze. Kawilo kamene unawatuma malume ako Aniello kuti agule kaja anadzakamangirira pakhonde Loweruka, pamodzi ndi chingwe chatsopano. Tsopano dengu likutsika ndi kukwera nsanjika zinayi zonse ine ndikukoka ndi zala ziwiri zokha. M'kanjira kathu kano aliyense ali ndi dengu lake la pachingwe, koma la kawilo ndi langa lokha, ndipo mnzanga Pasqualina wa pansi uja nsanje yamugwira. Dzulo anaima pamsewu manja ali m'chiuno, amvekere, "Fortuna, wasanduka mfumukazi eti? Ife akapolo ako tizingoponya msonkho m'dengumo!" Ine ndinamukuwira kuti, "Ponya, wakuletsa ndani?"

Ndipo akuponyadi, mwana wanga. Chigwereni pamasitepe mu Novembala muja sindinapondenso pansi, koma sindinaswere ndi njala ngakhale tsiku limodzi. Wophika buledi amaika buledi wotentha ndi kanthu kena kotsekemera pamwamba pake. Pasqualina amatumiza pitsa yokazinga, Lamulungu makaroni a msuzi wa nyama. Mkazi wa telala amatumiza mabiringanya osambira m'mafuta ndi tchizi. Mwambo wathu ukuudziwa: mbale ikabwera ndi chakudya sibwerera ndi chakudya chakecho, ndiponso sibwerera yopanda kanthu. Ndiye ndimadya zonse, kenako ndimaphika zanga zobwezera m'mbalemo, ndipo wophika salephera kulawa. Ndili ndi anthu, Nunzia, usamade nkhawa.

Diresi langa la ku Misa lija lachepa. Ndikuganiza kuti ndi sopo wa masiku anoyu.

Undiuze za kumeneko ku Jeremani. Chisanu chatha? Ngati uli nawo mafuta opaka m'mawondo onunkha aja, unditumizireko ena.

Ndine mayi ako,
Fortuna

Stuttgart, 1 Malichi 1987

Okondedwa amayi,

Ndakondwa kwambiri kumva kuti muli bwino. Ifenso tili bwino, ana akupita kusukulu, Saverio akupereka moni. Kufakitale tikusokabe mipando ya magalimoto, msana ukuwawa koma ntchito ndi ntchito.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Ndikakumbukira kuti munagona pamasitepe paja ola lathunthu musanapezeke, ndimasiya makina n'kupita kukasamba m'maso. Chonde amayi, masitepe 72 amenewo musawayandikire. Chilichonse chimene mukufuna chikwere m'dengu, ndi chifukwa chake ndinagula kawilo. Makalata muziika m'dengu momwemo, malume azikaponya ku positi monga mwa masiku onse. Mwagwira ntchito moyo wanu wonse, ino ndi nthawi yokhala pampando, ena akutumikireni.

Mafuta aja ndatumiza mabotolo awiri. Mulonjeze kuti simutsika.

Mwana wanu,
Nunzia

Napoli, 6 Epulo 1987

Nunzia, mwana wa mlongo wanga,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Kalata ino mayi ako sakuidziwa, ndipo usawauze kuti ndalemba, chifukwa lilime lawo ukulidziwa.

Lachinayi anachita chizungulire ali pakhonde, anangokhala pansi chingwe chili m'manja. Pasqualina ataona dengu lili lendee pakatikati, anandiitanitsa, ine n'kukatenga dokotala. Tinafika pamwamba paja tonse awiri tikupuma ngati ng'ombe zokoka ngolo. Dokotala anawakweza pasikelo. Makilo 106, Nunzia. Chaka chatha anali 88. Mayi ako akuti, "Sikelo yanuyi ndi ya akuba, ya pamsika." Dokotala sanaseke. Akuti shuga wakwera, magazi akuthamanga, ndipo mawondo akulira chifukwa akusenza katundu wa anthu awiri. Akuti, "Amayi, chimene chikukudwalitsani si masitepe, ndi mpandowu ndi denguli."

Potsika anandikokera pambali. Anati, "Tsiku lina akadzadwala zenizeni, mudzawatsitsa bwanji? Pachingwe?" Anati njira ndi ziwiri: ayambe kuyenda ndi kuchepetsa thupi, apo ayi asamukire m'nyumba ya pansi kumene kuli owayang'anira.

Zoyendazo iwala. Munthu wa zaka 71, wochoka pabedi kufika pakhonde akugwira khoma, angatsike nsanjika zinayi? Ine msana wanga ukuudziwa, sindingakwere kumeneko tsiku ndi tsiku. Ndakuuza kuti usadzanene kuti malume anabisa. Uganize mofulumira.

Malume ako,
Aniello

Stuttgart, 15 Epulo 1987

Okondedwa amayi,

Pasaka wabwino kwa inu. Ife tili bwino, koma ine mtima suli m'malo. Ndamva zonse za dokotala, musafunse kuti kwa yani.

Takambirana ndi Saverio ndipo tagwirizana. Nyumba yathu kuno ndi ya pansi, ilibe sitepe ngakhale imodzi. Chipinda chimene timasungiramo katundu tichikonza chikhale chanu, zenera lake limayang'ana kudimba. Mu Ogasiti tikatseka kuntchito tibwera ndi galimoto kudzakutengani. Saverio ndi anzake atatu adzakutsitsani pampando, simudzaponda sitepe. Nyumba yanuyo tidzaibweza kwa mwini wake.

Ndikudziwa kuti mukwiya. Kwiyani, koma mukwiye muli moyo, muli pafupi nane. Sindikupempha chilolezo amayi, ndikungokudziwitsani. Ndiyankheni msanga, mundiuze katundu amene simungamusiye.

Mwana wanu,
Nunzia

Napoli, 27 Epulo 1987

Nunzia,

Moni, popeza mayi samana mwana moni ngakhale mwanayo atamuponda pachala. Ndili bwino, ndikupuma, ndipo ndikudziwa amene wandinena. Ndi mlongo wanga wa pakamwa popanda chitseko uja.

Katundu amene sindingamusiye? Lemba: kanjira konse, Pasqualina ndi phokoso lake, belu la tchalitchi chathu, manda a bambo ako. Ngati zikwana m'galimoto ya Saverio, bwerani. M'nyumba muno ndakhalamo zaka 46. Iwe unabadwira pabedi lomwe ndikugonapoli. Ukufuna amuna anayi andinyamule ngati kabati, kanjira konse kakuonerera, n'kukandiika kumene sindidziwa ngakhale kupempha mchere? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Wangawu sunachepe n'komwe, watupa, koma ndi wangabe.

Ndinalira masiku awiri, lachitatu ndinaganiza. Dokotala ananena njira ziwiri, inu mwamva imodzi. Ndiye tipangane. Tsiku limene udzafike mu Ogasiti, ukadzandipeza nditaima pakhomo la pamsewu, nditatsika ndi miyendo yangayi popanda wondinyamula, udzandisiya m'nyumba mwanga. Ukadzandipeza pamwamba, ndidzakwera galimoto yako osatsegula pakamwa.

Mmene ndichitire ndi momwemu. Kawilo kako ndikachotsa. Usakhumudwe mwana wanga, unagula ndi mtima wabwino ndipo ndinakakonda, koma kandikonda mopyola muyeso. Dengu ndizikalitsitsira pazenera la pamasitepe, nsanjika imodzi pansi pa yanga. Ndikafuna buledi ndiyenera kutsika masitepe 18 ndi kukweranso. Ndikazolowera, ndidula chingwe, nditsikire zenera linalo. Chingwe chikamafupika, ndiye kuti mayi ako akuyandikira pansi. Kudya, ndizidya nyemba, masamba, nsomba yowotcha, buledi kachidutswa. Zokazinga ndasiya, Mulungu andithandize.

Sindiuza munthu aliyense kuno, ngakhale Pasqualina. Ndikalephera ndisakhale nkhani ya pamsika. Ukudziwa iwe wekha. Undiyankhe kuti wavomera.

Mayi ako, amene sanafe,
Fortuna

Napoli, 18 Meyi 1987

Nunzia,

Moni kwa iwe ndi banja. Ndilibe nkhani yabwino. Ndikuopa kuti mayi ako mutu wayamba kusokonekera.

Choyamba, anaitana mwamuna wa nyumba yoyandikana nayo kuti achotse kawilo kako kaja. Kali m'kabati, akukulunga m'nsalu. Chachiwiri, dengu satsitsiranso pakhonde pawo. Likutulukira pazenera la pamasitepe, nsanjika yachitatu, ngati aiwala pamene pali nyumba yawo. Nditawafunsa ndili pamsewu, anandiyankha kuti, "Kalembere ku Jeremani, si ndiwe mlembi?" N'kutseka zenera.

Chachitatu ndiye chochititsa manyazi. Akubweza mbale ndi chakudya chake. Lamulungu Pasqualina anaphika makaroni kuyambira m'mamawa, anawaika m'dengu, dengu linakwera, n'kutsikanso mbale ili chivundikirire, osalawa n'komwe. Pamaso pa anthu! Pasqualina anaima pakati pa msewu akulira, amvekere, "Zaka 40 ndikudya naye m'mbale imodzi, lero chakudya changa chasanduka poizoni?" Mkazi wa telala naye anamubwezera mabiringanya. Pano sakuwapatsanso moni. Wogulitsa masamba yekha ndiye akusangalala.

Nkhope yawagwa, ndipo woyandikana nawo akuti amawamva akubuula pamasitepe m'mawa uliwonse. Ndikuganiza kuti nkhani ya kusamukayi yawasweratu mtima. Ngati ungathe kubwera Ogasiti asanafike, bwera.

Malume ako,
Aniello

Stuttgart, 27 Meyi 1987

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndingokhulupirira, popeza milungu isanu ndi umodzi yatha osalandira ngakhale mzere umodzi wochokera kwa inu. Tsiku lililonse ndikaweruka ndimathamangira kabokosi ka makalata, ndimapezamo mapepala a m'sitolo okhaokha.

Ndamva kuti kawilo mwakachotsa. Ngati mumafuna kundimenya mbama, yandipeza. Ndinakagula kuti musagwenso, si kuti ndikunyozeni. Mwakwiyira ine, nanga a Pasqualina alakwanji? Ndipo mukufunanji pamasitepe, pamene ndinakupemphani kuti musatsike? Mukufuna ndilandire telegalamu?

Ndapempha kuntchito kuti andilole kunyamuka mu Juni, sanandiyankhe. Ngati simukufuna kundilembera, uzani malume alembe mawu awiri okha, kuti mukudya.

Ndine mwana wanube,
Nunzia

Napoli, 8 Juni 1987

Nunzia,

Moni. Ine malume ako ndine chitsiru, ndipo ndalamulidwa kuti ndilembe mawu amenewa ndi dzanja langa. M'envulopu muno upeza makalata awiri a mayi ako. Ya pa 27 Epulo ndinaitenga m'dengu n'kuiika m'thumba la jekete yanga ya m'chisanu. Mawa lake kunatentha, jekete ndinaipachika. Ndaipeza dzana, mayi ako atalandira kalata yako n'kundiitanitsa. Zimene anandinena pazenera anamva ndi a kanjira kachitatu. Uwerenge yakaleyo poyamba. Pepa.

Aniello

Napoli, 8 Juni 1987

Mwana wanga,

Moni, ndipo pukuta misozi. Ine ndimayesa iwe ndiwe wandikwiyira osayankha, iwenso umayesa ine. Tonse timalirira jekete ya Aniello. Ndamukhululukira, koma asadziwe msanga.

Sindinapenge. Ndikudya, ndipo ndikutsika. Tsiku loyamba masitepe 18 ananditengera theka la ola, ndikutsika chammbali, manja onse pachitsulo, ndikutchula oyera mtima onse amene ndikuwadziwa. Pokwera ndinawatukwana. Mawondo amachita ngati muli magalasi osweka. Koma dokotala anandiuza kuti kuwawa kwa m'mawa kumatha ukayenda, koopsa ndi kumene kumabwera ndi kutupa, kumeneko ndiye upume tsiku. Ndinaona kuti sananame.

Cholakwa changa chinali kubisa. Ndikuuze mmene zinathera ndi Pasqualina. Lachitatu lapitalo ndinati ndiyese kupitirira zenera lachitatu. Ndinatsika masitepe asanu ndi awiri owonjezera, miyendo inakana. Kutsika ayi, kukwera ayi. Ndinakhala pansi pomwepo, ndikulira ngati mwana. Ndiye ndikumva phazi, phazi, munthu akukwera akuwefuka. Pasqualina, mbale ili m'manja, akubwera kudzandiswera pakhomo. Anandipeza.

Akuti, "Ukutani apa, chimunthu iwe?"

Ndinati, "Ndikuwotha dzuwa, sukuona?"

Akuti, "Dzuwa pamasitepe? Fortuna, usandiyese mwana. Wandinyoza pamaso pa anthu, lero undiuze chimene ndinakulakwira."

Ndinamuuza zonse, za sikelo, za galimoto ya mu Ogasiti, za chingwe. Anakhala pansi pambali panga, masitepe anadzaza ndi ife awiri. Kenako akuti, "Ndiye ine ndimakunenepetsa kuti Ajeremani adzakutenge? Bwanji osanena, galu iwe? Ukapita ndizikangana ndi yani?" Tinalira. Kenako anatsegula mbale ija, anadya yekha pitsa yonse ine ndikuyang'ana, akuti asandiike m'mayesero.

Pofika madzulo kanjira konse kanadziwa, ndipo manyazi amene ndimaopa aja sanabwere. Telala waika mpando pokhotera paliponse pa masitepe, kuti ndizipumira. Mkazi wake akutumiza mabiringanya owotcha, opanda mafuta, akuti akumva ngati akuchimwa. Wophika buledi akaona dengu latulukira pazenera la pamwamba, amapinda manja, amvekere, "Sindikuliona! Litsike!" Pasqualina wasanduka kapitawo. Amaima pansi n'kumakuwa, "Phazi lodwala patsogolo potsika, labwino patsogolo pokwera! Ndani anakuphunzitsa kuyenda iwe?" Mbale zayambanso kuyenda, koma tsopano zikubwera ndi nyemba ndi masamba, ndipo ndikubweza zomwezo. Pasqualina akudandaula kuti siketi yake yayamba kugwa chifukwa cha ine.

Dzulo ndadula chingwe koyamba. Dengu likutulukira pa nsanjika yachiwiri.

Pangano lija ukuti bwanji? Ndipo ngati kumeneko kuli nsapato zofewa zosaterera, nambala 39 yotakata, unditumizire. Zangazi zikundiluma.

Mayi ako,
Fortuna

Stuttgart, 20 Juni 1987

Okondedwa amayi,

Makalata onse awiri afika. Ndinawerengera pakhomo, chikwama chili paphewa, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nafe anatuluka kudzaona. Sindinathe kumufotokozera, Chijeremani changa sichifika pamenepo.

Mundikhululukire. Ndimayesa ndikukusamalani, osadziwa kuti ndikukumangirirani pampando. Mantha ndikadali nawo, sindinama. Mugwire chitsulo nthawi zonse, ndipo musatsike popanda munthu pafupi.

Pangano ndavomera. Tifika Loweruka pa 8 Ogasiti, cha m'ma 12 koloko masana. Ndikakupezani pakhomo, nyumba ndi yanu. Chipinda chija ndachitseka kaye.

Nsapato zili m'njira. Mundiperekere moni kwa a Pasqualina, muwauze kuti ndilibe mawu owathokozera. Malume muwauze kuti chaka chino jekete asavale.

Mwana wanu,
Nunzia

Napoli, 20 Julayi 1987

Nunzia wanga,

Moni nonse. Nsapato zafika ndipo zikukwana. N'zonyansa ngati za sisitere wokalamba, koma mapazi anga akuti ndikuthokozere.

Dokotala anabwera Lachiwiri. Makilo 98. Ndinamuuza kuti sikelo yake yalapa. Shuga watsika pang'ono. Koma ndisakunamize kuti zonse n'zokoma. Sabata yathayi bondo lamanzere linatupa ndi kutenthaku, ndinakhala masiku anayi osatsika, ndikuika nsalu yonyowa. Tsiku lachinayi fungo la zokazinga linakwera kuchokera kwa Pasqualina, ndinatsala pang'ono kutsitsa dengu pakhonde ndi nsalu za pabedi. Ndinadya phwetekere ndi mchere, ndikutukwana.

Tsopano dengu lili pa nsanjika yoyamba, chingwe chatsala chachifupi ngati chomangira mbuzi. Atsala masitepe 18 omaliza. Ndi pamene ndinagwera paja. Ndikafika pamwamba pake ndimaona sitepe yobenthuka imene inandigwetsa, n'kungoima. Katatu ndabwerera. Si mawondo tsopano, ndi mtima. Atsala masiku 19. Undipempherere, ndipo ngati wandipempherera kale kuti ndilephere, ukalape.

Mayi ako,
Fortuna

Napoli, 2 Seputembala 1987

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira munayenda bwino ndipo ana ayamba sukulu. Kuno ndili bwino. Lero m'mawa ndapita ndekha kukagula nsomba, ndakangana ndi wogulitsa maso ndi maso, zinandikoma ngati ukwati.

Milungu itatu munali kuno, koma nyumba inali yodzaza, sitinapeze mpata wokhala awiri. Ndiye pali zimene ndikufuna ndikuuze papepala.

Sunaone mmene ndinatsikira tsiku lija. Masitepe omalizawo ndinali ndisanawapondepo mpaka m'mawa womwewo. Ndinayamba 10 koloko. Pasqualina anali patsogolo panga akutsika chafutambuyo, manja atawaika kumbuyo kuti pasadzapezeke wonena kuti anandigwira. Aniello anali pambuyo akupemphera mokweza mpaka ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Nditafika pa sitepe yobenthuka ija ndinaima. Pasqualina anandiyang'ana m'maso, akuti, "Ponda. Ukagwa ugwera ine, ndipo ndine wofewa." Ndinaseka, ndipo ndikuseka choncho phazi linapita lokha. Nditatulukira pakhomo dzuwa linandimenya kumaso, anthu m'makonde monse akuwomba m'manja ndi kumenya mapoto. Miyezi isanu ndi inayi, Nunzia. Ndinaiwala kuti msewu wathu umanunkha chonchi, ndipo ndinaukonda.

Munachedwa maola awiri. Anandipatsa mpando, ndinakhala, koma nditaona galimoto ikukhota ndinaukankhira kutali kuti undipeze chiimire. Unatuluka, unandikumbatira, unati, "Amayi, mwatha!" Unasangalala zenizeni, ndinamva m'mikono yako. Koma ine ndinakubereka. Pamene anthu amandizungulira, ndinakuona ukutsegula chitseko cha kumbuyo kwa galimoto, ukuchotsa mapilo awiri amene unayala pampando, n'kuwabisa pansi pa zikwama msangamsanga. Nkhope yako inagwa kanthawi kochepa, kenako unaibwezera.

Ndinamufunsa Saverio tsiku limene munapita kunyanja ndi ana. Anazemba, koma mkamwini sakana apongozi kawiri. Anandiuza kuti chipinda chija unachipaka penti wachikasu wekha, masiku atatu a Loweruka. Unasoka makatani. Unakhoma chitsulo chogwirira kubafa. Unadzala timasamba tonunkhira pansi pa zenera kuti ndizitchola ndili m'kati. Ndipo unauza anzako onse kufakitale kuti, "Amayi anga akubwera." Akuti ngakhale utavomera pangano lija, makatani sunawachotse.

Ine ndimawerenga masitepe anga, osawerenga zaka zako. Zaka 14 uli kumeneko, ukusoka mipando, ukulera ana, popanda munthu wokuitana kuti mwana wanga. Ndimayesa ukufuna kundilanda nyumba. Sindinaganize kuti mwina ukungofuna mayi ako. Pepa, Nunzia. Ndipo zikomo. Ukanapanda kundiopseza ndi galimoto ija, bwenzi pano ndili pampando, ndikudya pitsa, ndikudikira amuna anayi a mtundu wina, onyamula bokosi la maliro.

Nyumba yanga sindisiya, pangano ndi pangano. Koma miyendo imene yatsika nsanjika zinayi ingathenso kukwera sitima. Ndafunsa dokotala, akuti ndipite, bola ndiziimirira ndi kuyendayenda m'sitimamo. Ndibwera pa 10 Okutobala, ndikhala mwezi wathunthu, ndipo tikiti ndagula yopita ndi kubwerera, usayambe kulota. Pasqualina akuti akandipeza nditanenepa ndi masoseji a kumeneko andibweza pamalire. Makatani usachotse. Timasambato uzithirira. Ukaweruka kuntchito uzidzapeza mphika uli pamoto, ndipo tizidzayenda awiri mpaka kumapeto kwa msewu wanu, ine ndikukukalipira kuti waonda.

Chimodzi chokha undichitire. Upite ku siteshoni ya kwanuko, ukandiwerengere masitepe ochokera pamene sitima imaima kufika pamsewu, undilembere nambala yake. Ndikufuna ndiyambiretu kuyeserera, kuti ukadzabwera kudzandichingamira usadzanyamule china koma chikwama.

Ndine mayi ako,
Fortuna